Dontho la Magazi ndi Tsogolo la Mwana: Mbiri ya Kuyeza Chibadwa ku Wusakile

Wusakile ndi komboni yakale ya anthu ogwira ntchito pa mgodi wa mkuwa wa Nkana mumzinda wa Kitwe, ndipo ambiri amaidziwa chifukwa cha bwalo la timu ya mpira ya Nkana, chimulu chakuda cha zotsalira za ng'anjo chimene chimaonekera patali, ndiponso utsi wotsamwitsa umene eni dera amautcha senta. Malowa alinso ndi mbiri ya kuyezedwa kwa thupi la munthu, imene inayambira pa chifuwa cha mwamuna wofuna ntchito, n'kufika pa magazi a mwana wake, kenaka pa chidendene cha khanda, ndipo masiku ano ikuloza ku mluza, ndiko kunena chiyambi cha munthu pamene dzira la mayi langokumana ndi umuna wa bambo. Ulusi umene umalumikiza zonsezi ndi matenda a magazi otengera ku makolo otchedwa sickle cell, ndipo phunziro la mbiri yake n'lakuti kuyeza kunkapulumutsa moyo pokhapokha pamene wina anali wokonzeka kusamalira munthu woyezedwayo zotsatira zikatuluka.

Kampani ya Rhokana Corporation, imene inali m'manja mwa Anglo American, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1931, mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo tauni ya Kitwe inatsatira mu 1936. Mwamuna aliyense wofika kudzafuna ntchito ankayamba wadutsa m'manja mwa dokotala, amene ankamukweza pa sikelo, kumumvetsera m'chifuwa ndi kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, ndipo wopezeka wofooka ankabwezedwa. Pamene zinadziwika kuti fumbi la miyala ya pansi pa nthaka likuumitsa mapapo a antchito, matenda amene madokotala amawatcha silikosisi, boma la atsamunda linakhazikitsa ku Kitwe ofesi yojambula zifuwa za anthu a m'migodi pa ekisire, ndipo chikalata cha ofesiyo chinakhala khomo lolowera ndi lotulukira pa ntchito. Kuyeza koyambaku kunali kosankha, pakuti funso lake linali lakuti thupi ili lingathe kugwira ntchito kapena ayi, ndipo phindu la yankho linkapita makamaka kwa wolemba ntchito. Ngakhale zipatala zinali zogawanika motsatira khungu, cha Nkana chikulandira Azungu pamene cha Wusakile chinkalandira anthu akuda.

Poyamba makampani ankaona wantchito wakuda ngati mlendo amene adzabwerera kumudzi pakatha miyezi ingapo, koma zinthu sizinayende choncho. Sitiraka ya 1935, ndi ya 1940 imene inathera pa kuwomberedwa kwa antchito pa Nkana ndi imfa za anthu 17, pamodzi ndi kubadwa kwa bungwe la antchito akuda a m'migodi mu 1949 pansi pa utsogoleri wa Lawrence Katilungu, zinaonetsa kuti anthuwa akhazikika ndipo akufuna kukhala ngati mabanja. Akazi ndi ana anachuluka m'komboni, ndipo chipatala chimene chinamangidwira amuna ovulala pa ntchito chinayamba kuchiritsa amayi oyembekezera ndi kuyeza makanda pa sikelo. M'mizere ya nyumba za Wusakile, Chamboli ndi Mindolo munakumana Abemba, Alala, Alamba, Alunda, Aluvale, Ansenga, Achewa ndi Angoni ochokera ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, komanso anthu a ku Nyasaland, amene ambiri mwa iwo ankagwira ukalaliki chifukwa cha maphunziro a ku mishoni.

Kukumana kumeneku kunafooketsa njira yakale imene mitundu yonseyi inkafufuzira za mtundu wa munthu ukwati usanachitike. Kumudzi mnyamata akafunsira mbeta, ankhoswe, amene Abemba amawatcha shibukombe, ankafunsa mwakachetechete ngati kubanjako kuli khate, khunyu kapena misala, ndiponso ngati ana amakula kapena amangotha ali aang'ono, ndipo mayankho ankapezeka mosavuta chifukwa agogo a mbali zonse ankadziwana. M'komboni mnyamata wa ku Petauke ankatha kukwatira mtsikana wa ku Luapula popanda aliyense wodziwa manda a makolo a mnzake. Ngakhale kumudzi komweko, kufufuza kwa ankhoswe kunali ndi malire, pakuti kunkaona zokhazo zoonekera ndi maso, pamene matenda a sickle cell amabisala mwa makolo athanzi amene sanadwalepo.

Chifukwa cha kubisalaku, imfa za ana otere zinkamasuliridwa m'njira zimene anthu anali nazo pafupi. Khanda limene linabadwa lonenepa linkayamba kulira usiku wonse litakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, tizala ta m'manja ndi ta kumapazi titatupa ndi kutentha moti ngakhale kulikhudza kunkaliliritsa, maso atachita chikasu, zikhatho zitayera ndipo kapamba atakula m'mimba. Kwa Achewa kutupa kwa mwana kunkakumbutsa tsempho kapena mdulo, matenda amene amakhulupirira kuti amabwera makolo akalakwira mwambo wa kudika mwana asanatengedwe, ndipo mwana wachiwiri ndi wachitatu akamwalira mofananamo, nkhani inkasanduka ya ufiti. Pakati pa mitundu imene ana amawerengedwa kuchikazi, monga Achewa, Abemba, Alala ndi Alamba, kunali kwapafupi kunena kuti vuto lili m'mbumba ya mayi, ndipo mawu oti mkaziyu ana sakhala naye anapasula mabanja amene mwamuna ndi mkazi anali ndi gawo lofanana pa chimene chinkachitika.

Chimene chimachitika m'magazi a mwana woteroyo chikudziwika bwino tsopano. M'maselo ofiira a magazi muli himogulobini, chinthu chimene chimanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita m'thupi lonse, ndipo kapangidwe kake kamalamulidwa ndi majini, tizinthu tosunga malangizo a chibadwa timene munthu amalandira tiwiritiwiri, kamodzi kwa mayi ndi kena kwa bambo. Wolandira jini yosinthika kwa kholo limodzi lokha amakhala wathanzi ndipo amangoinyamula, koma wolandira kwa makolo onse awiri amakhala ndi maselo amene amapindika ngati chikwakwa mpweya ukachepa, n'kumatsekereza timitsempha ting'onoting'ono ndi kubweretsa ululu woopsa m'mafupa. Maselo opindikawa amafa pakatha masiku 10 mpaka 20, pamene abwino amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo n'chifukwa chake mwanayo amakhala wosowa magazi nthawi zonse. Makolo onse awiri akakhala onyamula jiniyo, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa, ndipo chiwerengerochi chimayambiranso pa mimba iliyonse mosayang'ana ana amene anabadwa kale.

Mbali ina ya chidziwitso chimenechi inachokera m'magazi a anthu a ku Zambia. Matendawa anafotokozedwa koyamba m'mabuku a zachipatala ndi James Herrick wa ku Chicago mu 1910, koma kwa zaka pafupifupi 40 madokotala sankamvetsa chifukwa chimene anthu ambiri okhala ndi maselo opindika sankadwala pamene ochepa ankazunzika. Dokotala wa boma la Northern Rhodesia (dzina la Zambia pa nthawiyo), E. A. Beet, anayeza anthu m'boma la Balovale, limene tsopano ndi Zambezi, n'kufalitsa zimene anapeza mu 1946, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito pakati pa Alala a ku Serenje. Njira yoyezera ya masiku amenewo inali yosavuta koma yofuna kudekha: dontho la magazi linkaikidwa pa kagalasi, kuphimbidwa ndi kagalasi kena, m'mbali mwake n'kumatidwa kuti mpweya usalowe, ndipo patapita maola woyezayo ankayang'ana pa maikulosikopu ngati maselo ozungulira aja asanduka tizikwakwa. Polondola mabanja, kholo ndi mwana, Beet anafalitsa mu 1949 mfundo yakuti wodwala ndi amene walandira jiniyo kwa makolo onse awiri, ndipo m'chaka chomwecho James Neel wa ku Michigan anafika pa mfundo yomweyo payekha. Mu 1949 momwemo Linus Pauling ndi anzake anaonetsa kuti vuto lili mu himogulobini, ndipo pofika 1957 Vernon Ingram wa ku Cambridge anali ataloza malo amodzi okha amene himogulobini ya wodwala imasiyana ndi ya munthu wina. Mfundo ya Beet inali ndi tanthauzo lalikulu kwa mayi aliyense amene ananenedwapo za imfa za ana ake, koma inalembedwa m'Chingerezi m'magazini ya akatswiri ku London, ndipo panadutsa zaka zambiri isanafike m'makutu a anthu amene magazi awo anaibala.

Beet anaonanso ku Balovale kuti tizilombo ta malungo tinkapezeka mocheperapo m'magazi a anthu onyamula jiniyi, ndipo mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kummawa kwa Africa, anatsimikiza kuti kunyamula jini imodzi kumateteza mwana ku malungo oopsa. Apa ndi pamene panamveka chifukwa chimene jini yopha ana inafalikira chotere m'madera a madambo ndi udzudzu: kwa mibadwo yambiri inkapulumutsa ana ochuluka amene anali nayo imodzi, ngakhale inkatenga ochepa amene anali nazo ziwiri. Migodi ya ku Copperbelt inamangidwa pakati pa madambo otero, ndipo cha m'ma 1930 makampani, potsatira malangizo a Malcolm Watson wa ku Ross Institute ya ku London, anayamba kukumba ngalande, kulambula m'mbali mwa mitsinje ndi kuthira mafuta pa zithaphwi, kuyambira ku Luanshya mpaka ntchitoyo inafika ku Nkana. Malungo atachepa m'makomboni, ana ena odwala sickle cell amene kumudzi akanamwalira asanayambe kuyenda anakhala ndi moyo nthawi yokwanira kuti dokotala awaone kawiri kapena katatu ndi kuzindikira kuti akulimbana ndi matenda amodzi obwerezabwereza.

Zambia italandira ufulu mu 1964, ndipo boma litatenga magawo 51 pa 100 a migodi mu 1970, zipatala za migodi zinali ndi zinthu zimene zinali zosowa kwina konse m'dzikomo: labotale, kaundula wa banja lililonse la wantchito, ndi sikelo kumene pafupifupi mwana aliyense ankafika. M'malo otere ndi mmene dokotala G. P. T. Barclay ndi anzake anayezera ana aang'ono ambirimbiri a anthu a m'migodi, pogwiritsa ntchito njira yolekanitsa mitundu ya himogulobini ndi mphamvu ya magetsi, imene imasiyanitsa wonyamula jini ndi wodwala weniweni, chinthu chimene kagalasi ka nthawi ya Beet sikankatha kuchita. Zimene anapeza zinafalitsidwa mu 1970 ndi 1971, ndipo zinaonetsa kuti odwala ankapezeka ochulukirapo pakati pa makanda kusiyana ndi pakati pa ana okulirapo, kusonyeza kuti ambiri ankamwalira m'zaka zoyambirira za moyo. Kuyeza kumeneku kunasiyana ndi kwa pa geti ya mgodi chifukwa sikunali kobweza munthu, koma kofuna kumudziwa msanga kuti atetezedwe ku malungo, apatsidwe mankhwala othandiza kupanga magazi ndi kulandiridwa mwachangu akatentha thupi.

Chisamaliro chimenechi chinkadalira mtengo wa mkuwa. Kuyambira mu 1975 mtengowo unagwa, makampani a boma anaphatikizidwa kukhala ZCCM mu 1982, ndipo pamene mgodi wa Nkana unagulitsidwa kwa Mopani Copper Mines m'chaka cha 2000, anthu ambiri a ku Wusakile anali atachotsedwa ntchito kapena akugwira m'makampani a makontirakiti, motero ufulu wolandira chithandizo chaulere pa chipatala cha mgodi unatsalira kwa ochepa. Otsalawo anatembenukira ku zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha Kitwe ndi chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola, pa nthawi imene Edzi inali itadzaza mawodi ndi kuchititsa kuti magazi oika mwa wodwala akhale osowa ndiponso oopedwa. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka, Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake anapitiriza kusamalira ndi kufufuza ana odwala sickle cell m'zaka zovutazo. Kunja, kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 1986 anaonetsa kuti penisilini womwa tsiku ndi tsiku amachepetsa ndi magawo 84 pa 100 matenda oopsa a m'magazi amene amapha ana otere, koma mankhwala otchipawa sangathandize mwana amene palibe akudziwa kuti akudwala.

M'zaka zomwezo, m'maiko olemera kuyeza kunkasunthira kumbuyo, kufupi ndi chiyambi cha moyo. Mu 1978 Yuet Wai Kan ndi Andrée Dozy a ku San Francisco anaonetsa kuti matendawa angadziwike mwa kuyeza DNA ya mwana ali m'mimba, DNA pokhala ulusi wa m'selo umene majini amalembedwapo. Pa 25 July chaka chomwecho, ku Oldham ku England kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira ndi umuna wa makolo ake zinakumanitsidwa m'labotale ndi Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, njira imene imadziwika ndi zilembo zoti IVF. Mu 1990 Alan Handyside ndi anzake pa chipatala cha Hammersmith ku London analengeza za mimba zoyamba zochokera ku miluza imene inayezedwa isanaikidwe m'chiberekero, ndipo mu 1999 madokotala a ku Cornell ku New York analengeza za kubadwa kwa mapasa opanda sickle cell kwa makolo amene onse awiri anali onyamula jiniyo. Masiku ano ntchitoyi imayenda motere: mayi amabayidwa jekeseni kwa masiku angapo kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi, mazirawo amatengedwa ndi singano n'kukumanitsidwa ndi umuna, ndipo pa tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi maselo ochepa amachotsedwa ku chikuto cha mluza, mbali imene imadzakhala nsengwa, n'kukayezedwa pamene miluzayo yaumitsidwa mozizira kwambiri. Mluza wopezeka wopanda matendawa ndi umene umaikidwa m'chiberekero, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene mimba imakhala.

Ku Zambia njira ya IVF inayamba kupezeka m'zipatala zolipira za ku Lusaka m'zaka za m'ma 2010, pamene ku South Africa mwana woyamba wa njirayi anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg. Kuyesa kamodzi kumadya madola zikwi zingapo, ndipo kuyeza miluza kumawonjezera mtengo wina pamwamba, ndalama zimene banja la wogulitsa pa msika wa Chisokone kapena la mnyamata wotola miyala pa chimulu chakuda silingaziganizire. Pambali pa ndalama palinso funso la chikumbumtima. Lamulo la Zambia la 1972 limalola kuchotsa mimba ngati madokotala atatu avomereza kuti pali chiopsezo chachikulu choti mwana adzabadwa ndi chilema choopsa, koma dziko limene linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991 lili ndi anthu ambiri amene amaona mluza ngati munthu kale, ndipo mpingo wa Katolika umakana IVF yeniyeniyo. Ena amayankha kuti kusankha mluza kumapewetsa banja kuchotsa mimba ndiponso kuika maliro a ana motsatizana. Anthu odwala sickle cell amene akula, kuphunzira ndi kubereka ana awo amakumbutsanso kuti polankhula za kupewa matenda, anthu asafike ponena ngati kuti moyo wa wodwala sunayenere kukhalapo. Kufunafuna njira yopezera mwana wathanzi si kwachilendo, pakuti makolo akale, nyumba ikakhala yopanda mwana, ankapita kwa sing'anga kapena kulowetsa fisi mwachinsinsi. Chatsopano n'chakuti chisankho chachoka m'manja mwa ankhoswe ndi eni mbumba n'kupita kwa anthu awiri okha, dokotala wawo ndi thumba lawo.

Kuyeza kumene kwayandikira anthu a ku Wusakile m'zaka zaposachedwa ndi kwa khanda. Unduna wa Zaumoyo ku Zambia umati munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu amanyamula jiniyi, ndipo mwana mmodzi kapena awiri mwa 100 alionse amabadwa ndi matendawa. Mu 2021 dzikolo linayamba kuyeza makanda ku Lusaka ndi ku Ndola, mogwirizana ndi ntchito ya bungwe la American Society of Hematology imene inayambikanso ku Ghana, Kenya, Liberia, Nigeria, Tanzania ndi Uganda. Namwino amapukuta chidendene cha khanda, kuchibaya pang'ono, n'kudonthezera magazi m'timizere tozungulira tojambulidwa pa kapepala kokhuthala, ndipo kapepalako kakauma kamatumizidwa ku labotale pamodzi ndi nambala ya foni ya mayi. Mwana akapezeka ndi matendawa amayamba penisilini asanakwanitse miyezi itatu, amalandira katemera ndi chitetezo ku malungo, ndipo mayi amaphunzitsidwa kupapasa kapamba ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Mankhwala a hydroxyurea, amene amachepetsa ululu ndi kufunika koikidwa magazi, anaonetsedwa mu 2019 kuti amagwira bwino ntchito pa ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa matenda awa miyezi yoyambirira ndiyo imasiyanitsa mwana amene adzapita kusukulu ndi amene sadzafikako.

Zaka zoposa 90 chiyambire mgodi wa Nkana, dontho la magazi a munthu wa ku Wusakile lingathe kunena zambiri kuposa zimene Beet ankaona pa kagalasi kake, ndipo mtsogolomu kuyeza miluza kungadzatsike mtengo n'kufika ku Kitwe, kumene mabanja amene anaika ana awiri kapena atatu m'manda ali ndi ufulu wokuganizira popanda kunyozedwa. Koma mbiri ya komboniyi ikusonyeza kuti ana ankapulumuka pamene kuyeza kunali ndi chipatala kumbuyo kwake, ndipo ankamwalira pamene chipatalacho chinatalikira makolo awo, ngakhale chidziwitso chinali chikukulirakulira. Ntchito imene yatsala ndi yotheka ndiponso yodziwika: kuti mnyamata ndi mtsikana adziwe magazi awo ankhoswe asanakumane, kuti kapepala ka chidendene kafike pa chipatala chilichonse chochiritsira amayi, kuti penisilini ndi hydroxyurea zisasowe pa windo la mankhwala, ndiponso kuti mfundo imene inapezeka pakati pa Alala mu 1949, yakuti mwana wodwala amatengera kwa bambo ndi kwa mayi mofanana, inenedwe m'Chibemba ndi m'Chinyanja pa sikelo, m'tchalitchi ndi pa bwalo la milandu ya mabanja, kufikira mayi womaliza atachotseredwa mlandu umene sunali wake.